Kodi ntchito ya Lillian Sung pa chisamaliro cha ana odwala khansa tiiyeze ndi chiyani?

Tiyamike:
Akuluakulu, ndabwera ndi funso. Kusukulu atipatsa ntchito yoti tisankhe wofufuza mmodzi pa nkhani ya khansa ya ana, tifotokoze kuti ntchito yake yasintha chiyani. Anzanga onse athamangira kwa anthu amene anapeza mankhwala opha khansa. Ine ndasankha Pulofesa Lillian Sung a ku chipatala cha ana cha SickKids ku Toronto, m'dziko la Canada, amenenso amaphunzitsa pa yunivesite ya Toronto. Ntchito yawo ili pa zimene zimamugwera mwana pamene akulandira kemo, mankhwala amphamvu opha khansa: kutentha thupi, matenda olowa chitetezo chikatsika, kusanza, zilonda za m'kamwa, kutopa. Ndikatsegula Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapepala a kafukufuku, ndikungoona mapepala mazanamazana ndi h-index yokwera. Kodi ndingokopera manambalawo n'kunena kuti umboni ndi umenewu? Mtima ukukana. Pali china choyezera?

Gondwe wa ku laibulale:
Achemwali, manambalawo musawataye, koma mudziwe pamene amalekezera. h-index anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku California, m'chaka cha 2005. Imayenda chonchi: munthu akakhala ndi h-index ya 30, ndiye kuti ali ndi mapepala 30 amene lililonse latchulidwa ndi ofufuza ena maulendo osachepera 30. Basi, zathera pomwepo. Siikuuzani ngati maganizo a kafukufukuyo anali ake kapena dzina lake linangolowa pakati pa olemba ambirimbiri. Siikuuzani ngati otchula pepalalo ankaliyamikira kapena ankalitsutsa. Imakula ndi zaka, moti wokalamba wa ntchito yozizira amaposa wachinyamata wa ntchito yakupsa.

Ndiye pali china chokhudza a Sung mwachindunji. Ambiri mwa mapepala awo odziwika ndi malangizo opita kwa madokotala, komanso mapepala osonkhanitsa zimene ena anapeza kale. Mapepala otere amatchulidwa kwambiri mwachibadwa chawo, chifukwa aliyense wolemba za kutentha thupi kwa mwana wa khansa amayamba wawatchula m'ndime yoyamba, kaya anawawerenga mpaka kumapeto kaya ayi. Nambala ikhoza kutupa popanda wodi ngakhale imodzi kusintha kachitidwe. N'chifukwa chake mu 2012 akonzi a magazini a sayansi ndi ofufuza anakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti wofufuza aziyezedwa ndi zimene zili m'pepala lake, osati ndi kutchuka kwa magazini imene pepalalo latulukamo.

Kamanga87:
Ine sindibisa, mwasankha pachabe achemwali. Mwana wa khansa chimene akufuna n'choti khansa ichoke. Zakusanza ndi zilonda za m'kamwazi ndi za anamwino, si zopatsira munthu upulofesa.

Sister Nambewe:
A Kamanga, mwati za anamwino? Chabwino, tamvani za anamwinozo.

Mwana walandira kemo, wapita kunyumba akuseka. Pakadutsa masiku 7 mpaka 14 ndi pamene maselo oyera a m'magazi, makamaka ma neutrophil, amatsikiratu. Amabwera naye usiku, thupi lili pa 38.5. Sakutsokomola, alibe chotupa, alibe mafinya, popeza maselo opanga mafinyawo m'thupi mulibe. Kutentha thupi ndiye chizindikiro chokhacho. Kumuona ali gwa, akusewera ndi foni ya mayi ake, mwinanso akukufunsa dzina. Iwe ukati ndiyambe ndamaliza kugawa mankhwala kwa enawa, ukabwerako upeza manja azizira, BP yatsika, mwana akungowodzera osayankha ukamuitana. Khansa yake mwina inali itayamba kale kugonja. Chomutenga ndi mabakiteriya ochokera m'matumbo mwake momwe kapena olowera pa kachubu ka diripi. N'chifukwa chake timathamanga kuti antibayotiki alowe mumtsempha ola lisanathe. Mankhwala opha khansa aja mukuwatamawa amapindulira mwana amene wakhala ndi moyo mpaka kumaliza kulandira.

Kamanga87:
Pepani sisitala, sindimanyoza ntchito yanu. Koma zoti kutentha thupi n'koopsa zinadziwika kalekale. Chatsopano chimene mayiwa abweretsa n'chiyani?

Dr Mwale:
Funso ili ndi labwino, ndipo Tiyamike ayenera kuliyankha m'ntchito yake. Zoona, zinadziwika kale. Gerald Bodey anasonyeza mu 1966 kuti ma neutrophil akamatsika mwa odwala khansa ya m'magazi, matenda amachuluka. Mu 1971 Stephen Schimpff ndi anzake anasonyeza phindu loyamba maantibayotiki nthawi yomweyo, osadikira zotsatira za ku labu. Kuyambira pamenepo lamulo linali limodzi kwa aliyense: mwana watentha thupi, ma neutrophil ali pansi pa 500, mugonekeni, mupatseni mankhwala amphamvu mumtsempha, asatuluke mpaka magazi atabwerera m'malo. Lamulo limeneli linapulumutsa ana ambiri. Koma linagonekanso m'chipatala ana ambiri amene sankafunika kugona, ndipo madokotala a ana ankangobwereka malangizo a akuluakulu, chipatala chilichonse n'kumachita zake.

Mu 2012 gulu la akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana linatulutsa malangizo olembedwera ana enieni m'magazini ya Journal of Clinical Oncology. Dzina loyamba pa pepalalo ndi Thomas Lehrnbecher wa ku Frankfurt, lomaliza ndi Lillian Sung. Anawakonzanso mu 2017 ndi mu 2023. Ine chimene ndimachilemekeza m'malangizo amenewa n'chakuti mbali yaikulu ikutiuza madokotala kuti tichepetse manja. Yambani mwawasiyanitsa ana, amene ali pachiopsezo chachikulu ndi amene ali pachiopsezo chochepa. Wa chiopsezo chochepa akhoza kulandira mankhwala akumwa, ngakhale ali kunyumba, ngati pali njira yomutsatira mosamala. Musajambule X-ray ya chifuwa mwana amene alibe chizindikiro chilichonse cha m'chifuwa. Kwa wa chiopsezo chachikulu amene sanafooke, antibayotiki mmodzi wamphamvu wotha kupha mabakiteriya oopsa otchedwa Pseudomonas ndi wokwana, osayamba ndi awiri kapena atatu. Wa chiopsezo chochepa, magazi akapanda kumera kanthu ku labu ndipo thupi lazizira kwa maola 24, mukhoza kusiya maantibayotiki ngakhale ma neutrophil asanakwere, poyamba ankati pa maola 72, koma mu 2023 anatsitsa kufika pa maola 48. Mankhwala a mafangasi musathamangire kwa aliyense, ndi a wa chiopsezo chachikulu amene thupi lakana kuzizira kwa maola 96.

Kuuza dokotala kuti awonjezere mankhwala n'kosavuta, mantha amamukankha okha. Kumuuza kuti asiye kumafuna umboni wolimba, chifukwa mwana akaipiraipira ndi iyeyo adzayang'anizane ndi makolo.

Kamanga87:
Ndiye ulemuwo ndi wa Lehrnbecher, si ndiye ali patsogolo? Mayiwa ali kumchira.

Gondwe wa ku laibulale:
Kkkk a Kamanga, m'mapepala a zachipatala kumchirako ndiye kumakhala akuluakulu. Woyamba nthawi zambiri ndi amene wagwira ntchito yolemba, womaliza ndi amene watsogolera ntchito yonseyo. Apakati ndi amene amavuta kudziwa kuti anachita zingati. Tiyamike, nayi njira imodzi yoposa h-index: tengani mapepala akuluakulu a nkhani imeneyi a zaka zingapo, muone dzina limene likubwerezabwereza pamalo omaliza pamene oyamba akusinthasintha. Mupeza Lehrnbecher, Sarah Alexander, Brian Fisher, Lee Dupuis akusinthana kutsogolo, a Sung ali kumapeto.

Achimwene Zulu:
Mutu umodzi susenza denga. Bwanji osangoti ndi ntchito ya gulu, nkhani ithe?

Gondwe wa ku laibulale:
Dengalo amasenzadi ambiri, koma pamakhala wina wowaitana n'kuwauza kuti linyamulidwe liti. Kusonkhanitsa akatswiri a matenda opatsirana, a khansa, a mankhwala, anamwino ndi woimira odwala kuti agwirizane pa chiganizo chimodzi, kenaka n'kuwasonkhanitsanso pakatha zaka zisanu kuti aone ngati chiganizocho chikadali choona, imeneyo ndi ntchito, ndipo palibe nambala imene imaionetsa.

Chirwa wa ku pharmacy:
Ndilowepo ndi nkhani ya mankhwala, popeza apa ndi pamene ine ndimaonera ngati wofufuza ndi wachilungamo. Mu 2018 magazini ya JAMA inatulutsa kafukufuku wa Children's Oncology Group, gulu la zipatala zofufuza za khansa ya ana, wolembedwa ndi Sarah Alexander, a Sung ali omaliza. Funso linali lakuti: tikamupatsiratu mwana antibayotiki wotchedwa levofloxacin asanadwale, nthawi imene ma neutrophil ali pansi, kodi mabakiteriya a m'magazi achepa? Analowamo odwala 624. Mwa iwo 200 anali a khansa ya m'magazi yolandira kemo yamphamvu kwambiri, ndiye kuti mitundu yake yotchedwa AML kapena ALL yobwereranso, ndipo 424 anali oikidwa maselo atsopano opanga magazi. Pa gulu la khansa ya m'magazi, mabakiteriya anapezeka mwa 21.9 peresenti ya olandira levofloxacin, pamene mwa osalandira anali 43.4 peresenti. Kutsika ndi theka. Pa gulu linalo zinali 11.0 ndi 17.3 peresenti, kusiyana kumene mwa masamu a kafukufuku sikunakwane kunena kuti mankhwalawo agwiradi ntchito.

Taonani tsopano zimene anachita ndi zotsatirazo. Munthu wofuna kutchuka akanati kafukufuku wanga wapambana, ana onse a khansa azimwa levofloxacin. Malangizo amene anatuluka mu 2020 sanatero. Anati ganizirani zopereka kwa a AML ndi a ALL yobwereranso, koma musapereke mwachizolowezi kwa a ALL yongoyamba kumene kapena kwa oikidwa maselo. Ndipo ngakhale pamene anavomerezapo, anavomereza mosakakamiza, chifukwa mukamwaza antibayotiki m'wodi yonse mukuweta mabakiteriya osamva mankhwala.

Kamanga87:
Koma ana opulumuka anachuluka?

Chirwa wa ku pharmacy:
Chimene kafukufukuyo anapangidwira kuyeza ndi mabakiteriya m'magazi, osati imfa. Ndipo funso lanulo Tiyamike asalizembe. Chitsanzo china ndi cha 2019, mu JAMA momwemo, Brian Fisher wa ku Philadelphia akutsogolera. Anayerekeza mankhwala awiri, caspofungin ndi fluconazole, poteteza ana a AML ku mafangasi, odwala 517. Matenda a mafangasi anagwira 3.1 peresenti ya a caspofungin ndi 7.2 peresenti ya a fluconazole. Koma pa chiwerengero cha okhalabe ndi moyo sipanaoneke kusiyana kotsimikizika, ndipo caspofungin ndi wa mumtsempha tsiku ndi tsiku, wokwera mtengo, pamene fluconazole amatha kumwa. Ndiye wolemba moona mtima anene zonse ziwiri: matenda achepa, inde, koma musalembe kuti imfa zachepa pamene pepalalo silinatero.

Tiyamike:
Zikomo a Chirwa. Ndiye ndikalemba kuti ntchito yawo "yapulumutsa ana ambirimbiri" ndikhala ndikuwonjezera zanga?

Dr Mwale:
Eya, mukhala mukulemba zimene simungaonetse. Lembani zimene zingaonetsedwe: funso linali ili, yankho linapezeka ili, malangizo anasintha chonchi. Koma pa nkhani ya imfayi pali pepala limodzi limene anthu ambiri amalidumpha. Mu 2015, m'magazini ya Lancet Oncology, a Sung ndi anzawo anapereka njira imodzi yodziwira kuti imfa ya mwana yabwera chifukwa cha chithandizo osati chifukwa cha khansa. Lamulo lake ndi lapafupi: mwana akamwalira khansa yake isakukula, imfayo iwerengedwe kuti yabwera ndi chithandizo. Kale aliyense ankawerenga mwake. Wina ankasiya ana omwalira masiku oyambirira, wina ankasiya omwalira atamaliza kemo, ndiye zipatala ziwiri sizikanatha kuyerekezana, ngakhale chipatala chimodzi kudziyerekeza chokha pa zaka ziwiri. Pa chikalata cha imfa ankangolemba kuti khansa ya m'magazi, nkhani n'kutha, palibe wofunsa kuti antibayotiki analowa nthawi yanji.

Make Yankho:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ine si wa zachipatala, ndine kholo. Mwana wanga anadutsa m'zimenezi ali ndi zaka 9, pano ali bwino. Manambala anuwa ena akundipitirira, koma ndikufuna ndinene chimene palibe wachitchula.

Pakati pa kemo mwana anasiya kudya. Tonse tinkati ndi nseru, madokotala n'kuwonjezera mankhwala oletsa kusanza. Osasintha. Bambo ake anayamba kumukalipira kuti ndi matama. Pa raundi adokotala ankafunsa ine kuti ali bwanji, ine n'kuyankha zimene ndikuona ndi maso, mwanayo ali chete kuyang'ana pansi. Tsiku lina namwino wina wachitsikana anakhala pamphepete pa bedi n'kumufunsa iye mwini, pang'onopang'ono, chinthu chimodzichimodzi. Ndi pamene anaulula kuti chilichonse chimene waika m'kamwa chikumveka ngati akunyambita chitsulo, ndiponso kuti kuseri kwa tsaya kuli kachilonda kamene ankakabisa, poopa kuti akanena amuwonjezera masiku ogona. Komanso anali atatha masiku osachita chimbudzi, koma ankachita manyazi kunena pamaso pa anthu ovala zoyera atazungulira bedi. Ine mayi wake ndinkagona pambali pake usiku uliwonse, zonsezi osazidziwa.

Ndiye ngati mayi a ku Canada amenewa anachitapo kanthu pa zofunsa mwanayo mwini wake, ine ndiwapatsa ulemu ngakhale h-index yawo ikhale ziro.

Sister Nambewe:
Mayi, zikomo potiuza. Zobisa chilondazo n'zoona zenizeni, ana amaphunzira msanga kuti kudandaula kumabweretsa singano.

Tiyamike:
Mayi a Yankho, anachitapodi, ndipo ndi mbali imene inandikoka ine. Iwo ndi Lee Dupuis, katswiri wa mankhwala wa pa SickKids pomwepo, anapanga kafomu kotchedwa SSPedi, kamene mwana wa zaka 8 mpaka 18 amayankha yekha. Kali ndi zinthu 15: kukhumudwa, mantha kapena nkhawa, kukwiya msanga, kuvutika kuganiza kapena kukumbukira, kusintha kwa maonekedwe a thupi kapena nkhope, kutopa, zilonda za m'kamwa, mutu, ululu wa pena paliponse, dzanzi m'manja kapena m'mapazi, kusanza kapena nseru, kusintha kwa chilakolako cha chakudya, kusintha kwa kakomedwe ka zinthu m'kamwa, kudzimbidwa, ndi kutsegula m'mimba. Zitatu zimene mwana wanu ankabisa zonse zilimo. Funso lake silakuti chinthucho n'chachikulu bwanji, koma kuti chakusautsa bwanji dzulo kapena lero, kuyambira 0 mpaka 4, ndiye zonse pamodzi zimafika 60. Pepala lotsimikizira kuti kafomuka n'kodalirika linatuluka mu 2018, ndipo palinso kena kofewa ka ana a zaka 4 mpaka 7.

Kamanga87:
Fomu ndi fomu. Kufunsa sikuchiza.

Dr Mwale:
Eni ake anadzifunsanso zomwezo, n'chifukwa chake anakayesa. Zotsatira zinatuluka mu JAMA mu 2024. Anatenga zipatala 20 za ku United States, 10 zigwiritse ntchito njira yatsopano, 10 zipitirize monga mwa nthawi zonse, ana onse pamodzi 445. Ku zipatala za njira yatsopano mwana ankakumbutsidwa kuyankha mafunsowo katatu pa sabata kwa masabata 8. Akanena kuti china chamusautsa kwambiri, uthenga unkapita kwa omusamalira, pamodzi ndi ndondomeko yoti pa vuto limenelo achite chiyani. Pa mapeto a masabata 8, pa mulingo wofika 60 uja, ana a njira yatsopano anali pa 7.9, enawo pa 11.4, ndipo kutsika ndiye kupeza bwino. Zinthu 12 mwa 15 zija zinachepa kusautsa.

Komabe a Kamanga musafulumire kugonja, pali nyama yanu apa. Ana a njira yatsopano anapita kwambiri ku emergency kuposa anzawo. Olembawo sanabise.

Kamanga87:
Aha! Ndiye mwawonjezera ntchito ndi mantha basi.

Sister Nambewe:
Kapena mwatulutsa poyera zimene zinkabisala kunyumba. Zonse ziwiri n'zotheka. Mwana amene akanapirira ululu wa m'mimba mwakachetechete tsopano wanena, makolo amubweretsa. Kwa wowerengera ndalama za chipatala imeneyo ndi mbali yoipa. Kwa ine, mwana wolandira vincristine, kemo imene imadzimbitsa, amene watha masiku osachita chimbudzi ndi bwino ndimuone lero.

Gondwe wa ku laibulale:
Tiyamike, apa mwapeza chinthu cholemera. Kafukufuku wa 2024 ameneyu ndi wachichepere, sanakhale ndi nthawi yosonkhanitsa omutchula ambiri ngati malangizo a 2012 aja. Mukangotsata manambala mumuika pansi. Koma ndi amene akuyankha funso lovuta kwambiri: kodi zimene timalemba m'malangizo zikafika pa bedi, mwana amamvadi kusintha? Onani ulendo wonse: kupanga chida, kuchitsimikizira, kulemba malangizo a vuto lililonse, kenaka kuyesa zonsezo pamodzi m'zipatala zenizeni. Ndi zaka zoposa 10 pa funso limodzi. Ofufuza ambiri amalekezera pa sitepe yachiwiri, popeza pepala latuluka kale ndipo dzina lalowa.

Achimwene Zulu:
Ine nkhawa yanga ndi ina. Zonse mwatchulazi ndi Toronto, Frankfurt, Philadelphia. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa, ndipo ambiri ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. M'mayiko olemera ana opitirira 80 pa 100 alionse amachira, m'mayiko ambiri osauka safika 30. Ndiye mukati ntchito ya munthu yasintha dziko, dziko lake liti? Malangizo oti mwana wa chiopsezo chochepa apite kunyumba akuganizira banja lokhala ndi galimoto, foni, choyezera kutentha thupi, ndi chipatala chapafupi. Oti siyani maantibayotiki magazi akapanda kumera kanthu akuganizira labu yoti imameretsa magazi n'kubweza yankho pa nthawi yake. Kumene zimenezi kulibe, malangizowo ndi pepala chabe.

Dr Mwale:
Achimwene, apa ndigwirizana nanu mbali yaikulu. Kunena chilungamo, malangizowo amanena okha kuti zotumiza mwana kunyumba zichitike pokhapokha ngati pali njira yomutsatira. Koma umboni umene anamangirapo wambiri ndi wa m'mayiko olemera, ndipo mwana wopereweredwa zakudya m'thupi, wobwera khansa itakula kale, wokhala kumene malungo ndi TB zili ponseponse, si mwana yemweyo amene anali mu kafukufuku uja. Kutentha thupi kwake kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo kemo imamugwetsa msanga. Levofloxacin yemweyo ndi mmodzi mwa mankhwala a TB yosamva mankhwala, ndiye kumene TB ili yambiri munthu ayenera kuganiza kawiri asanayambe kumugawa ngati chitetezo.

N'chifukwa chake pali ntchito ina yoyenda pambali. Mu 2013 Trijn Israels wa ku Netherlands, pamodzi ndi Lorna Renner, Marc Hendricks, Peter Hesseling, Scott Howard ndi Elizabeth Molyneux, analemba malangizo a SIOP, bungwe la padziko lonse la akatswiri a khansa ya ana, a chisamaliro chotere m'malo osowa zipangizo. Nkhani zake ndi zakudya, kusamba m'manja, morphine, magazi oika, madzi okwanira poyamba kemo, ndi kuthandiza mabanja kuti asasiyire chithandizo panjira. Mukayerekeza manambala a otchula mapepala, ntchito yotereyi singapikisane ndi ya m'magazini akuluakulu a ku America, popeza amene amaigwiritsa ntchito ali kalikiliki m'mawodi, salemba mapepala ambiri. Wotchula pepala ndi wolemba mnzako, wogwiritsa ntchito sasiya chizindikiro pa Google Scholar.

Achimwene Zulu:
Ndiye cholinga cha WHO chija, chimene anakhazikitsa mu 2018 choti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse azichira, chidalira mbali iti?

Dr Mwale:
Chidalira zambiri, kuzindikira matenda msanga, mankhwala kupezeka, mabanja kumaliza chithandizo. Koma nali phunziro limene madokotala a m'malo osowa analipeza movutikira: ukatenga kemo yamphamvu ya ku Ulaya n'kuipereka kumene kulibe magazi, maantibayotiki ndi anamwino okwanira, ana amafa ndi mankhwalawo. Ndiye amachepetsa dala mphamvu ya kemo kuti igwirizane ndi chisamaliro chimene chilipo. Kutanthauza kuti mlingo wa kemo umene ungapereke umalamulidwa ndi zija a Kamanga amati ndi za anamwino.

Kamanga87:
Adokotala mwandibwezera mawu anga, ndalandira. Komabe ndiumirira pa chimodzi: Tiyamike asalembe ngati akuyamikira woyera mtima. Alembenso kuti umboni wa imfa kuchepa ndi wofooka, kuti emergency inachuluka, ndi kuti ana ambiri a padziko lapansi kafukufukuyu sanawafike.

Gondwe wa ku laibulale:
Pamenepo palibe wokutsutsani. Ndingowonjezera malo ena oti ayang'ane. Onani ngati mabungwe ena anavomereza malangizowo kuti akhale awo, monga momwe Children's Oncology Group imachitira ndi malangizo a chisamaliro chotere. Onani ngati kafomu kaja kanamasuliridwa m'zinenero zina, ndikudziwa kuti kalipo m'Chisipanishi ndi m'Chifalansa. Onani anthu amene anayamba ngati ophunzira awo ndipo pano akutsogolera kafukufuku wawowawo. Zimenezi muzipeza powerenga, palibe batani loti mudine.

Make Yankho:
Ine ndifunse sisitala. Mafunso 15 ajawa amafunika kompyuta? Chifukwa namwino amene anathandiza mwana wanga uja analibe chilichonse m'manja.

Sister Nambewe:
Ayi mayi, kufunsa sikufuna kompyuta. Mu kafukufuku muja ankayankhira pa intaneti kuti uthenga uzifika msanga, koma mafunsowo akhoza kukhala papepala. Ndakhala ndikuganiza pamene mukukambiranamu kuti ndikawalembe pa kakhadi, tizifunsa ana okulirapo pa raundi ya m'mawa, kholo litaima pataliko pang'ono kuti mwana amasuke.

Dr Mwale:
Chitani sisitala, koma kumbukirani kuti mu kafukufuku muja kufunsa kunali theka chabe. Theka linalo ndi ndondomeko yoti yankho likabwera, wina achitepo kanthu. Mwana akakuuzani katatu kuti m'kamwa mukuwawa inu osabweretsa chilichonse, ulendo wachinayi adzangoti ndili bwino. Ndiye musanayambe, khalani pansi ndi a ku pharmacy ndi madokotala a wodi, mugwirizane kuti pa chinthu chilichonse amene alemba ndani, amene apereka ndani, ndipo chikakanika apite kwa yani.

Chirwa wa ku pharmacy:
Ndipo musayambe ndi zonse 15 kumbali ya ndondomeko, mudzatopa mwezi usanathe. Funsani zonse, koma konzani kaye njira ya zinayi zimene mankhwala ake ndi odziwika: kusanza, ululu, kudzimbidwa ndi zilonda za m'kamwa. Pa kusanza, mankhwala oletsa kusanza a ondansetron aperekedwe kemo isanalowe, osadikira kuti mwana ayambe kusanza. Pa kudzimbidwa, aliyense wolandira vincristine kapena morphine akhale ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi olembedwa kale pa tchati. Za mantha, kukhumudwa ndi kusintha kwa nkhope zimafuna munthu wokhala ndi nthawi yocheza ndi mwana, ndiye muyambe mwapeza kuti munthuyo akhala ndani.

Sister Nambewe:
Zinayizo ndiye tiyambira. Za kucheza ndi ana ndikalankhula ndi mlangizi wa pa wodi, ndione ngati angamabwere tsiku limene ana ambiri amalandira kemo. A Chirwa, nditumizireni kumbali milingo ya lactulose, wofewetsa chimbudzi uja, molingana ndi kulemera kwa mwana, ndikaiike pa kakhadi komweko.